Mizere yonse yathera "a", nanga bwanji khutu silikumva kanthu?

Chifundo wa ku Ntcheu:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni akuluakulu. Achimwene anga akumanga ukwati mwezi wamawa, ndipo a komiti andiuza kuti ndikalakatule perekaniperekani asanayambe. Ndayesetsa kuti mizere izithera mofanana monga tinkaonera m'ndakatulo za Chingerezi kusukulu. Ndime yoyamba ndi iyi:

Lero tonse tasonkhana,
Achimwene akukwatira,
Mitima yathu yakondwa,
Mulungu wawadalitsa.

Papepala ikuoneka bwinobwino, paliponse a, a, a, a. Koma ndikaiwerenga mokweza ikungomveka ngati zolengeza za kutchalitchi. Rayimu, kufanana kwa mathero a mizere kuja, ilipo koma khutu silikuimva. Vuto lili pati?

Mfana wa pa Ndix:
Asisi musakhumudwe, koma apa palibe rayimu olo imodzi. Pa Chichewa pafupifupi chilichonse chimathera "a". Ngakhale ndizikukalipirani kuti mwandibera chinangwa, mizere yanga ithera "a" basi. Ku situdiyo munthu akabwera ndi zoterezi timamubweza akayambirenso. "Kukwatira" muike ndi "kudikira" kapena "kupirira", apo ndiye zibeba.

Aphunzitsi Mbewe:
Mnyamatayu wanena zoona, kungoti wanena mothamanga. Chifundo mwanawe, tiye tione chifukwa chake.

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mawu athu onse amathera pa limodzi mwa asanuwo. Aneni ndiye osanena: kudya, kugona, kulima, kusonkhana, onse amathera "a", pokhapokha tikawasintha kuti tinene tidye, agone, mulime. Iwe mizere yako yonse inayi waitseka ndi mneni, ndiye "a" wabwera yekha, sunamuvutikire. Khutu la Mchewa limamva "a" ameneyu kuyambira m'mawa mpaka usiku, kumsika, kuchigayo, pa wailesi. Silingadzidzimuke naye.

China chachikulu ndi pomwe liwu lathu limatsamira. Tanena mokweza "ndalama". Wakoka pa "la". Nena "chimanga". Wakoka pa "ma". Nena "Kasungu". Wakoka pa "su". Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera chiganizo, ndipo lomalizalo limangogwa mwakachetechete. Tsono m'ndime yakoyi omvera akumva "kha", "ti", "ko", "li". Kunena kwina akumva -ana, -ira, -ondwa, -itsa, zinthu zinayi zosiyana.

Ukafuna kuti mawu agundane mpaka wokhala kumbuyo kwa holo amve, yambira pa lembo la liwu lomwe timakokalo. Mtima, mdima, nsima, kulima. Tulo, dzulo, chitsulo. Mwezi, nyenyezi. Njala, chala, makala. Ukawatchula motsatizana umva wekha kusiyana kwake.

Chifundo wa ku Ntcheu:
Zikomo aphunzitsi. Ndatchula mokweza mpaka amayi afunsa ngati ndili bwino. Ndi zoonadi, "tulo" ndi "dzulo" zikumveka, zanga zija ayi. Nanga mawu a zaukwati ogundana chonchi ndi ati?

Mfana wa pa Ndix:
Phwee. Banja, manja, dzanja, nyanja. Nayi:

Alamu landirani athu manja,
Lero mwalowa m'banja,
Chikondi chanu chikule kuposa nyanja.

Ya fanta munditumizire pa Mpamba.

Nangozo wa ku Joni:
Kikiki, ukwati uli ku Ntcheu, kumapiri, nyanja ikudzatani? Ine maukwati ndapitako ambiri, kuno ku Joni ndi kumudzi komwe. Wolakatula akangoti "banja" ndimadziwiratu kuti tanyamuka ulendo wa ku Salima. Akati "mtima" ndiye kuti "mdima" uli panjira, ngakhale ukwati uli masana dzuwa likuswa mtengo. Komanso "landirani athu manja" amalankhula choncho ndani? Kwathu timati manja athu.

Aphunzitsi Mbewe:
Mwalasa, mayi Nangozo. Ili ndiye tsoka la rayimu kulikonse: mlakatuli amayamba akudziwa chomwe akufuna kunena, kenako mawu omalizira amamulanda chiwongolero. Nyanja yalowa chifukwa chakuti ikugundana ndi banja, osati chifukwa mkwatibwi ndi wa ku Nkhotakota. "Athu manja" watembenuzidwa kuti "manja" akhale kumapeto. Ndikamachonga ndakatulo za ana a Fomu 4 izi ndinkaziona chaka ndi chaka, mpaka kupeza mwana walemba "mvula yagwa zedi, tiyamike ndithu-di" kuti zingogwirizana.

Palinso chinyengo china chomwe lamulo ndanena lija silichigwira. Dalitsa, phunzitsa, gulitsa, onse ndi -itsa. Phikira, gulira, yankhulira, onse ndi -ira. Akugundana maphatikizo awiri ndithu, koma ndi msintho umodzi wa mneni womwe waubwereza katatu. Mneni aliyense wokhala ndi a, i kapena u m'tsinde mwake angathe kulandira -ira, wokhala ndi e kapena o amalandira -era, ndiye ungalembe tsamba lonse usanatuluke thukuta. Kwa ine rayimu yolemera ndi ya mawu a mitundu yosiyana, dzina ndi mneni ngati nsima ndi kulima, kapena mayina awiri omwe palibe ankayembekeza kuti angakumane.

Ntchito yake yeniyeni ili pamenepo. Inde imauza khutu kuti mzere watha, inde imathandiza kuloweza, n'chifukwa chake otsatsa malonda pa wailesi amaikonda. Koma ikakhala m'manja mwa katswiri imamanga mawu awiri pamodzi kuti omvera awaganizire limodzi. Tamvani:

Kukagwa njala,
phiri limasanduka makala.

Apa mawu awiriwo akugundana m'khutu, ndipo m'moyo momwemo amayendera limodzi. Aliyense amene adaona njinga za makala zikutsika m'mapiri nthawi ya njala sangafunse kuti makala alowa bwanji.

Yusufu wa ku Mangochi:
Moni akuluakulu. Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, lamulo lanu la maphatikizo awiri sindikulivomera lonse. Ine ndidakhalako ku Zanzibar zaka zingapo ndipo Chiswahili ndimachiwerenga. Ndi chinenero cha mtundu wathu womwewu: malembo a liwu asanu, mawu othera pa liwu, kukoka pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Koma anzathuwa akhala akulemba ndakatulo zogundana mawu kwa zaka mazanamazana. Ndakatulo yaitali yotchedwa Utendi wa Tambuka, yomwe idalembedwa m'zilembo za Chiarabu pa chilumba cha Pate ku Kenya, ndi ya 1728. Mlakatuli Muyaka wa ku Mombasa, yemwe adamwalira cha m'ma 1840, mpaka lero amamuphunzira m'sukulu.

Iwo rayimu amaitcha kina, zikachuluka vina, ndipo amangoyang'ana phatikizo lomaliza lokha, koma lonse lathunthu: "ni" ndi "ni", "ka" ndi "ka". Ndakatulo yawo amaitcha shairi, ndipo lodziwika kwambiri limakhala ndi mizere inayi pa ndime, mzere uliwonse maphatikizo 16, kupumira pakati pa 8 ndi 8. Kina chimakhala pakati pa mzere, china kumapeto. Ndiye mizere itatu yotsatizana pakati ponse pangakhale "ka", kumapeto konse "ni", wachinayi nthawi zambiri n'kukhala wobwerezabwereza m'ndime zonse.

Nanga bwanji kwa iwo phatikizo limodzi limamveka? Chifukwa amawerenga. Khutu likazolowera kuti pakatha maphatikizo 8 pali popumira, limadikira pamenepo, ndipo chomwe chagwerapo limachimva. Komanso mashairi amawayimba mokoka, sawerenga ngati kalata, ndiye phatikizo lomaliza limapeza mpata.

Tawerengani ya mlongo wathuyi. Mzere woyamba 8, wachiwiri 9, wachitatu 8, wachinayi 8. Wachiwiriwo wadumpha. Ndipo mathero ake ndi na, ra, ndwa, tsa, kotero ngakhale ku Mombasa sakadailandira.

Aphunzitsi Mbewe:
Izi ndiye zokoma, a Yusufu. Koma mwambo umenewo Aswahili sadautenge kwa Aluya? Nanga m'midzi ya kumtunda, kutali ndi gombe, agogo awo ankawerenga maphatikizo 16?

Yusufu wa ku Mangochi:
Chiarabu chidathandizira kwambiri, sindikana. Ndakatulo yakale ya Chiarabu, kasida, imagwira mathero amodzi kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, ngakhale mizere ikhale yochuluka bwanji. Aliyense wopita ku madrasa amadziwanso kuti ma aya a sura zambiri zifupizifupi za m'Korani amathera mofanana, ndipo ana amaziloweza msanga. Koma chinthu chikakhala pakati panu zaka pafupifupi 300 chikhalabe chachilendo? Chimanga chomwe si chidachokera ku America?

Ngakhale iwowo adakanganapo. M'zaka za m'ma 1970 achinyamata a pa yunivesite ya Dar es Salaam adayamba kulemba mopanda vina. Euphrase Kezilahabi adatulutsa buku lake la ndakatulo zotere, Kichomi, mu 1974, akuluakulu n'kukana kuti zimenezo si mashairi. Lero mitundu yonse iwiri imaphunzitsidwa.

Nangozo wa ku Joni:
Nkhani imeneyi kuno idachitikanso, ndidaimva mwana wanga akukonzekera mayeso a Chizulu. Amene mudafikako ku Soweto mukuudziwa Vilakazi Street, msewu uja udali ndi nyumba ya Mandela ndi ya Tutu. Dzinalo ndi la mlakatuli, B.W. Vilakazi. Buku lake loyamba la ndakatulo, Inkondlo kaZulu, lidatuluka mu 1935, ndipo m'menemo adayesa kugunditsa mawu kumapeto monga Angerezi. Mnzake H.I.E. Dhlomo adamutsutsa poyera cha m'ma 1938 ndi 1939 kuti Chizulu chili kale ndi mayendedwe akeake, rayimu ingochimanga miyendo. Pomwe Vilakazi ankatulutsa buku lachiwiri, Amal'ezulu, mu 1945, rayimu ija adali ataisiya mbali yaikulu.

Ndipo ukamva wotamanda mfumu ya Chizulu akulakatula, mizere yake sigundana kumapeto. Amathamanga ndi mpweya umodzi, mayina otamanda akutsatizana, mpaka liwu litatsika pothera. Anthu amanjenjemera ndithu. Chifundo, iwe wa ku Ntcheu, kwa Angoni, zotamanda mafumuzi si zachilendo kwanu.

Tadala wa pa Chanco:
Ndilowererepo pang'ono, poti ambirife maganizo akuti ndakatulo ndi rayimu tidawatenga m'kalasi ya Chingerezi. Chodabwitsa n'chakuti Angerezi enieniwo sadayambe nayo. Ndakatulo yawo yakale kwambiri yotchuka, Beowulf, ilibe rayimu ya kumapeto. Imayendera kubwereza lembo loyambira mawu mkati mwa mzere. Rayimu idakhazikika pambuyo pa 1066, Chifalansa chitalowa m'dzikomo, komanso kudzera m'nyimbo za Chilatini za m'tchalitchi. Pofika nthawi ya mlakatuli Chaucer, yemwe adamwalira mu 1400, idali itazika mizu. Koma Homer wa Agiriki ndi Virgil wa Aroma sadaigwiritse ntchito. John Milton adatulutsa Paradise Lost mu 1667 yopanda rayimu, anthu atadabwa adawonjezera mawu oyamba chaka chotsatira akunena kuti rayimu ndi goli losautsa. Masewero a Shakespeare nawo mbali yaikulu mulibe rayimu, ngakhale ndakatulo zake 154, pafupifupi zonse za mizere 14, zili nayo.

Pa Chingerezi rayimu imakoma chifukwa ndi yosowa. Mawu awo amathera m'njira zambirimbiri, ndiye kupeza awiri ofanana ndi ntchito. Mawu oti love ali ndi anzake ochepa kwambiri, dove, above, glove, n'chifukwa chake nkhunda idadzaza m'ndakatulo zawo zachikondi monga nyanja ya a Ndix ija. Mawu oti month alibiretu mnzake wodziwika.

Zinenero zomwe tingadziyerekeze nazo bwino ndi Chijapani ndi Chitaliyana. Ajapani ali ndi malembo a liwu asanu ngati ife, ndipo ndakatulo yawo yaifupi yotchedwa haiku ilibe rayimu, amangowerenga maphatikizo 5, 7, 5. Ataliyana mawu awo ambiri amathera pa liwu ndipo amakonda kutsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, koma iwo rayimu adaikumbatira. Mlakatuli wawo Dante adalemba mizere 14,233 yolukana mitatumitatu. Lamulo lawo ndi lomwe anena aphunzitsi lija, kuyambira pa liwu lotsamiridwa mpaka kumapeto: amore, cuore, dolore. Ndiye njira zonse ziwiri zidayendedwapo ndi anthu a pakamwa pofanana ndi pathu.

Mfana wa pa Ndix:
Eee, ndangofunsa ya fanta ine, mwandibweretsera yunivesite yonse.

Mayi Naphiri:
Ine sukulu sindidapite nayo patali, za a Dante sindikuzidziwa. Koma ndakhala ndikuwerenga zomwe mukulembazi ndipo ndikudabwa kuti nonse maso ali kumchira kwa mawu. Miyambi yathu bwanji? Palibe adatilembera pabolodi koma tonse timaidziwa pamtima.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe.
Lero lomwe lidadetsa mnthengu.
Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.
Khoswe akakhala pamkhate sapheka.
Walira mvula walira matope.

Tamvani cha, chi, chi. Tamvani le, lo, li. Winawo kho, kha, kha. Womalizawo wangobwereza "walira" basi, koma ungauiwale? Agogo anga akamatilangiza mawu awo ankakoma kutsogoloku. Pa nthano iwo amati "padangokhala", ife "tili tonse", nyimbo ikafika tonse timavomera mawu amodzimodzi kangapo. Palibe ankafunsa kuti mzere wathera lembo lanji.

Aphunzitsi Mbewe:
Mayi Naphiri, mukadakhala pafupi ndikadakugwirani chanza. Chichewa chimagwirizanitsa mawu kutsogolo. Dzina likayamba, ena onse amavala yunifolomu yake: chingwe changa chachitali chija chaduka, kamwana kanga kokongola kaja kagona, zinthu zathu zonse zapita. Chomwe Mngerezi wa nthawi ya Beowulf ankachita kufunafuna, ife galamala imatipatsa. Mungandifunse kuti nanga si zaulerenso ngati "a" uja? Pang'ono inde. Koma taonani mwambi wa chala uja. Agwirizanitsi apereka cha, chi, chi, kenako wopeka mwambi adasankha yekha "swa" ndi "nsabwe" kuti "s" alire kawiri pothera. Wa khoswe uja "kh" wake sadachokere ku galamala konse, adachita kusankha.

Rayimu yeniyeni m'miyambi imapezekanso, kungoti imakonda kubisala mkati. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mnzako, ngwako. Madzi akatayika saoleka: -ika, -eka, zoyandikana. Tisaiwalenso mvekero. Kunja kuli zii, wagwa chagada phii, madzi ali mbee, mtima uli phaphapha. Mlakatuli wa Chichewa wosiya zida zonsezi n'kumalimbana ndi mathero okha akudzimana dala.

Bambo Nkhoma wa kwaya:
Ine ndilankhuleko za kuyimba, poti ndayimbitsa kwaya kwa nthawi yaitali kuno ku Mchinji. Nyimbo zambiri za m'mabuku a m'tchalitchi zidabwera ndi maimbidwe a ku Ulaya, ndipo maimbidwewo adapangidwira mizere yowerengeka, monga 8, 6, 8, 6. Mzere wa Chingerezi kawirikawiri umathera pa phatikizo lamphamvu, pomwe pali rayimu, ndiye noti yaitali imakhala pomwepo. Ukaikapo Chichewa noti yaitaliyo imagwera pa phatikizo lomwe ife polankhula timalimeza. Mpingo umakoka "ngu" wa Mulungu, pomwe pocheza timakoka "lu". Tidazolowera, koma mukamvetsera bwino muona kuti ndi katchulidwe ka m'nyimbo zokha.

Omasulira adali ndi mavuto awiri, kukwanitsa chiwerengero ndi kugunditsa mathero. Mawu athu ndi aatali, ndiye chiwerengero chokha chidawadyera nthawi. N'chifukwa chake m'mabuku muli Mlungu, Mbuye, 'Tate, m'mtima, malembo odulidwa kuti noti zikwane. M'nyimbo zomwe ine ndimayimbitsa, rayimu pena imapezeka pena ayi, ndipo palibe mkhristu adabwerapo kudzadandaula kuti yasowa. Koma ndikalakwitsa kugawa maphatikizo pa noti, amayi a mvano amandiyang'ana nthawi yomweyo.

Nyimbo ya fuko lathu, ya a Michael Sauka ya 1964, nayo imayamba ndi Mlungu wodulidwa yemweyo. Ndipo mzere womwe ana amaukonda kwambiri ndi wa adani atatu aja, njala, nthenda, nsanje. Onse maphatikizo awiriawiri, onse oyamba ndi "n". Ndi zomwe akunena mayi Naphiri.

Masalimo omwe timawerenga sabata ndi sabata nawo alibe rayimu, ngakhale m'Chiheberi. Amanena chinthu, mzere wotsatira n'kuchinenanso mwanjira ina. N'chifukwa chake amamasulirika bwino m'chinenero chilichonse, pomwe ndakatulo yodalira rayimu ukaimasulira imatsala mafupa.

Aphunzitsi Mbewe:
Ndiwonjezere kamodzi pa za a Nkhoma. Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu komwe sitilemba. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika papepala ndi amodzi, pakamwa ndi awiri. Woyimba amakwirira zimenezi ndi nyimbo, koma wolakatula alibe pobisala. Mawu awiri angafanane malembo onse omalizira koma lina likukwera lina likutsika, ndipo khutu limamva kuti china chake chasemphana. Chifundo, usadalire maso. Uziwerengera munthu mokweza.

Chifundo wa ku Ntcheu:
Ndakhala chete chifukwa ndimalemba. Ndatsata za mayi Naphiri. Tamvani iyi, ndikulankhula ndi alamu anga:

Mudabwera muli mlendo, tidakuyalirani mphasa.
Mudabwera muli mlendo, tidakupherani nkhuku.
Lero mphasa muyala ndinu,
lero nkhuku mupha ndinu,
mlendo wa mawa ndi wanu.

Nangozo wa ku Joni:
Iyi ndiye nthungululu zimveka. Ndipo taonani, "ndinu, ndinu, wanu" yabwera yokha osaikakamiza. Koma funso, mwanawe: ndi chitengwa kapena achimwene akupita ku chikamwini? Ngati akukakhala kwa akazi, ndakatuloyi ayenera kulakatula ndi akuchikazi, mphasa akayala ndi achimwene akowo.

Chifundo wa ku Ntcheu:
Kikiki ayi anti, onse akakhala ku Lilongwe, nyumba ya lendi. Mphasa yake ndi sofa.

Mfana wa pa Ndix:
Ya asisi yabeba, sindikana. Koma madala, musatiphere ntchito. Pa ukwati munthu akulakatula yekha, holo yonse ili chete. Ife tili pa biti. Ng'oma ikamenya pa malo amodzimodzi mzere uliwonse, pamenepo payenera kugwera mawu ofanana, apo ayi fans imaona ngati ukungolongolola. Ndi zomwe amanena a Yusufu zija, biti ndiyo imatiwerengera. Ndipo ife sitiima pa maphatikizo awiri, timafuna atatu kapena anayi, malembo a liwu okha azifanana: "pa minibasi" ndi "ali ndi kesi" ayi sizikwana, koma "wandinamiza" ndi "wandipatsira" zimayenda, a-i-a-i-a zonse. Timasakanizanso ndi Chingerezi kuti mathero achuluke. Ndingathe kugunditsa "seka" ndi "yekha", palibe angadandaule.

Aphunzitsi Mbewe:
Ndidandaula ndine. "Ka" ndi "kha" ndi osiyana. Kupala ndi phala ndi chimodzi? Tumba ndi thumba?

Mfana wa pa Ndix:
Pa chigayo ndi zosiyana, pa biti ndi zimodzi. Inu nomwe mwayamikira -ika ndi -eka m'mwambi wa madzi uja. Agogo akachita ndi luso, ife tikachita ndi kulakwitsa?

Tadala wa pa Chanco:
Apa aphunzitsi akugwirani. Rayimu yoyandikira ndi yovomerezeka kwa alakatuli ambiri, ndipo pena imakoma kuposa yathunthu chifukwa omvera saidziwiratu. Chomwe ine chimanditopetsa m'nyimbo za masiku ano ndi china: kumata "yo" kapena "wo" paliponse. Nyumbayo, nyamayo, mvulayo, ndalamayo. Ukangomata "yo", kukoka kumasamukira pa "a" wa kumapeto kwa dzina, ndiye dzina lililonse lothera "a" limagundana ndi linzake. Vesi yonse -ayo, -ayo, -ayo. Chimodzimodzi "nso" ndi "tu".

Mfana wa pa Ndix:
Imeneyo timaitcha ya aulesi, ngakhale ife timasekana nayo. Koma ikagwa pa dansi anthu amavina, sisi.

Aphunzitsi Mbewe:
Za seka ndi yekha tidzakambirana tikadzakumana, sindinagonje. Ndingoti mwambi uja uli ndi nzeru yoti ungaime ngakhale utachotsa -eka. Vesi yako ikatha kuima chimodzimodzi, gunditsa zomwe ukufuna.

Yusufu wa ku Mangochi:
Tiyeni tiyese m'malo mokangana. A Ndix, mungathe kulemba shairi la Chichewa mwa Chiswahili? Maphatikizo 8 ndi 8, rayimu pakati ndi kumapeto, ndipo kuti aphunzitsi asadandaule ikhale ya maphatikizo awiri. Osamata "yo".

Mfana wa pa Ndix:
Ndabwereka njala ndi makala a aphunzitsi, adzandikhululukira.

Chaka chino kuli njala, m'mbale mulibe nsima,
Bambo aotcha makala, munda aleka kulima,
Mwana angoluma chala, moto pakhomo wazima.

Werengani nokha. Ndipo "ufa" ndi "kufa" ndazisunga za nyimbo yanga, wina asandibere.

Yusufu wa ku Mangochi:
Ndawerenga ndi zala. Zonse 8, kupatula "m'mbale mulibe nsima" yomwe ikundipatsa 7.

Bambo Nkhoma wa kwaya:
Ndi 8, a Yusufu. "M" woyambayo ndi phatikizo payekha, adachokera ku "mu". M-mba-le, atatu. Chimodzimodzi m-ti-ma, m-pi-ra, m-tsi-nje. Pa kwaya timamupatsa noti yakeyake, ngakhale noti zikachepa timamumeza. "Mb" wa mbale ndi "ns" wa nsima ndiwo sawerengedwa padera.

Aphunzitsi Mbewe:
A Nkhoma akhoza. Ndipo mnyamata iwe, mzere wachiwiriwo ndaukonda, makala ndi kuleka kulima zili pamalo pake. Wachitatu ndikukayika: bambo akuotcha makala, moto pakhomo wazimiranji? Kapena ndi dala, kuti makala onse apita kumsika?

Mfana wa pa Ndix:
Ndi dala madala. Wootcha makala saphikira makala, amagulitsa. Komanso aphikapo chiyani?

Yusufu wa ku Mangochi:
Chabwino, 8 ndavomera. Koma ndime sinathe, shairi limafuna mizere inayi. Wachinayi uthere -ima. "Mtima" ndi "mdima" mayi Nangozo adaletsa kale, ndiye pezani ena.